Akakugonekani mchipatala kuti ayeze mphumu, dziwani izi musanafike pa bedi

Sabata yatha mnzanga wandiimbira cha m'ma 10 usiku, mawu akunjenjemera, akuti mng'ono wake amugoneka ndipo adokotala anena kuti satuluka msanga mpaka aone bwinobwino ngati ili mphumu kapena pali china. Amafunsa kuti atenge chani, akamuyeza chani, nanga atenga masiku angati. Ndinamuyankha mothamanga, kenako nditagona ndinayamba kukumbuka zambiri zomwe ndasiya, nde ndati ndingolemba zonse pano mwina zithandizanso ena.

Ine mphumu ndakula nayo kuyambira ku pulayimale, koma zaka zonsezo panalibe anandiyezapo, ndikabanika amangondipatsa timapilitsi ta salbutamol, nthawi zina aminophylline, basi ndizipita kunyumba. Nditakula ndinayamba kugula ndekha inhela ya buluu ija ku famase, ikatha ndigula ina, ikatha ndigula ina, mpaka June wina kutazizira kwambiri inakana kugwira ntchito ndipo anandinyamula pa galimoto ya aneba. Ndinagona masiku sikisi. Masiku amenewo ndi amene ndinadziwa matenda anga koyamba, ndili ndi zaka zopitirira 30.

Tiyambe ndi nthawi yonyamuka kunyumba, chifukwa ambiri timachedwa pompano. Ngati munthu akulephera kumaliza chiganizo chimodzi osapumira pakati, akukanika kugona chagada, pakhosi ndi m'nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, wapopera inhela koma pasanathe nthawi wabanikanso, musadikire kuche. Milomo ikayamba kuda, kapena akuoneka ngati akusinza, akuyankha zosagwirizana, kapena kulira kwa mchifuwa kuja kwangoti zii pomwe iye akuvutikabe, pamenepo zafika poopsa kwambiri. Anthu ena amaona ngati chifuwa chikasiya kulira ndiye kuti wayamba kupeza bwino, ayi, nthawi zina ndi chifukwa choti mpweya sukudutsanso n'komwe. Muli mnjira pitirizani kumupopera ya buluu, ka 4 mpaka ka 10, kamodzikamodzi, mphindi 20 zilizonse, akhale tsonga, musamugoneke pa mpando wakumbuyo ngati katundu. Ngati mukukayika ndipo chipatala chili kutali mutha kuimba 929, Chipatala Cha Pa Foni, koma zizindikiro ndatchulazi zikaoneka imbani muli kale paulendo.

Zotenga. Buku la kuchipatala lija, helefu pasipoti, ndi lofunika kuposa chikwama cha zovala, ndipo ngati muli ndi akale odzadza atengeninso, chifukwa adokotala amafuna aone kuti mwabwera kangati ndi vuto lomweli komanso munapatsidwa chani. Tengani mankhwala onse omwe mukumwa, a BP, a shuga, ma ARV, odontheza m'maso, ngakhale azitsamba, komanso ma inhela onse kuphatikizapo otha. Ine otha aja ndinkataya, koma nesi wina anandiuza kuti akadakhala umboni wabwino wa kuchuluka kwa momwe ndimapopera. Ngati munajambulitsapo ekisileyi ya pachifuwa, kapena munamwapo mankhwala a TB ndipo khadi lilipo, zonsezo mchikwama. Kenako bulangete lanu lochapa lopanda fumbi, juzi, zitenje, kapu, mbale, sopo wopanda fungo lamphamvu, chaja ya foni, kope ndi bolopeni. Perefyumu ndi mafuta onunkhira zisiyeni kunyumba, muwauzenso obwera kudzakuonani, muwodi mumakhala ena omwe fungo lokhalo limawatsekera mpweya.

Gadiyani musankhe munthu wodekha komanso wodziwa mbiri yanu, osati wongopezeka pafupi. Tsiku loyamba simutha kulankhula zambiri, iyeyo ndi amene ayankhe mafunso.

Mukafika, kaya ndi pachipatala cha boma chapaboma panu, kaya mwatumizidwa ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu Central, nenani pakhomo pomwepo kuti munthuyu akubanika, musakhale pa mzere mwaulemu kudikira nthawi yanu. Wobanika amaonedwa mwachangu. Adzakuikani kachipangizo pachala koyeza okosijeni m'magazi, nambala yake ikatsika pansi pa 92 amadziwa kuti zinthu sizili bwino ndipo amakuikani pa okosijeni. Kachipangizoka kamasokonezeka ngati zala zazizira kapena mwapaka kyutekisi, nde amayi ngati mukudziwa kuti mukukagonekedwa fufutani. Adzawerenga kapumidwe, kugunda kwa mtima, BP, kutentha kwa thupi, n'kumvetsera mchifuwa.

Okosijeni musamuope chonde. Ndamvapo anthu muwodi akunong'onezana kuti akakuika pa okosijeni ndiye kuti zako zatha, mpaka achibale ena kufuna kuchotsa timachubu. Amene amamwalira ali pa okosijeni amakhala kuti anafika atadwalika kale, si mpweyawo wawapha. Ine ndinakhalapo masiku awiri ndipo ndi umene unandisunga.

Kenako pamabwera nebulaiza, kamakina kotulutsa nthunzi ya mankhwala kudzera pa masiki, mumakhala salbutamol, nthawi zina amaphatikiza ndi ipratropium. Pena makina akakhala ochepa kapena magetsi azima amagwiritsa inhela ndi spesa, kachubu komwe mumapoperamo mankhwala n'kumapuma mmenemo, musaone ngati akuchepetsani, ikaperekedwa bwino imagwira ntchito chimodzimodzi. Mukatha mudzamva manja akunjenjemera, mtima ukuthamanga, ndi mankhwalawo, zimatha zokha, koma zikanyanya auzeni anesi. Amaperekanso prednisolone wakumwa, kapena hydrocortisone wobaya ngati simungathe kumeza, awa ndi amene amaphwetsa kutupa kwa mnjira za mpweya ndipo amatenga maola angapo kuti ayambe kuoneka ntchito yake, nde musataye mtima ola loyamba. Zikakanikabe pali magnesium sulphate wa mu dripu, amayenda pafupifupi mphindi 20. Prednisolone amakweza shuga, amapatsa njala, ena sawagonetsa tulo, ngati muli ndi matenda a shuga nenani msanga kuti aziyeza pafupipafupi. Ndipo musadabwe akapanda kukupatsani ma antibayotiki, mphumu payokha siifuna amoxicillin pokhapokha ataona chibayo kapena matenda ena.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono, mafunso. Mukayamba kupezako bwino adokotala kapena a clinical officer adzakhala nanu n'kumafunsa, ndipo kunena zoona kuyeza kwakukulu kwa mphumu kuli pa zimene inu muyankhe, makina amangotsimikizira. Adzafunsa kuti zinayamba liti, zimabwera nthawi yanji, kodi mumadzuka usiku kapena m'bandakucha ndi chifuwa, pa sabata kangati, pabanja panu alipo wina, muli ndi chimfine chosatha kapena ziwengo zapakhungu, mumasuta kapena munasutapo, fodya kapena chamba, mumaphikira chani komanso kuti, mumagwira ntchito yanji. Pano musachite manyazi komanso musafune kuoneka wodwala wabwino. Ine anandifunsa kuti inhela imodzi imanditengera nthawi yaitali bwanji, ndinatsala pang'ono kunama kuti miyezi itatu, pomwe zoona zake inkatha mwezi usanathe. Kumaliza ma inhela a buluu atatu kapena kuposerapo pachaka ndi chizindikiro kale choti mphumu sikuyenda bwino, nde taganizani ine. Nditanena zoona nkhope ya adokotala inasintha ndipo mankhwala omwe anandilembera anasinthanso. Chimodzimodzi ngati anakupatsanipo inhela ya bulauni, yoteteza ija yopopera tsiku lililonse, koma munaisiya chifukwa simunkamva kusintha, nenani choncho. Akaganiza kuti mumaigwiritsa ntchito tsiku lililonse koma sikuthandiza adzakuonjezerani mankhwala amphamvu omwe simukufunikira.

Musanafunsidwe, khalani pansi ndi gadiyani wanu mulembe mkope zomwe zimakuyambitsani. Kwa ine ndi kuzizira kwa June ndi July, fumbi la mu October, utsi wa mbaula makamaka makala akamayaka kumene, utsi wootcha zinyalala ndi mapesi kumunda, koyilo ya udzudzu, mankhwala opopera mphemvu, ndi kusesa mnyumba mosawaza madzi. Ena ndi mphaka, nkhuku, nkhungu ya mkhoma nthawi ya dzinja, ufa wa kuchigayo, utuchi, penti, fodya wa mchigafa kapena kumaokushoni. Ngati mumapeza bwino mukakhala pa holide n'kuyambiranso mukabwerera kuntchito, chimenecho ndi chofunika kwambiri kunena. Palinso mankhwala, aspirin ndi brufen amabanikitsa anthu ena a mphumu, ndipo propranolol wa mtima ndi BP ngoopsa kwa ife, nde ngati munamwapo n'kubanika musaiwale.

Zoyeza zake. Choyamba chomwe pafupifupi aliyense wotsokomola nthawi yaitali kuno sachithawa ndi makhololo, amayeza TB pa makina a GeneXpert, ndipo adzakupemphani kuyezetsa HIV. Musakhumudwe ngati kuti akukuganizirani zoipa, ndi ndondomeko, komanso TB ndi mphumu zimasokonezana kwambiri. Makhololo ake akhale ochokera pansi mchifuwa osati malovu, mukatsokomolere panja pomwe akuuzani osati pakati pa wodi. Kenako ekisileyi ya pachifuwa. Apa ndinasokonezeka ine, anandiuza kuti ekisileyi ili bwinobwino ndiye ndinayamba kudandaula kuti nanga ndikudwala chani, kodi sakundikhulupirira. Mphumu nthawi zambiri sioneka pa ekisileyi, amajambula kuti aone ngati palibe chibayo, TB, zipsera za TB yakale, mtima wokula kapena mpweya wotulukira kunja kwa phapo. Munthu amene anadwalapo TB n'kuchira atha kumabanika ndi kulira mchifuwa ngati wa mphumu, agogo omwe aphikira nkhuni m'khitchini yopanda windo moyo wawo wonse atha kukhala ndi COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo obwera chifukwa cha utsi, wina ndi mtima ukulephera kupopa ndipo madzi akudzadza m'mapapo, ameneyo amamuyeza ECG kapena sikani ya mtima. Onsewa kumudzi timangoti ali ndi mphumu, pomwe chithandizo chake n'chosiyana.

Magazi amatenganso, amaona ngati ali okwanira komanso amawerenga maselo ena oteteza thupi otchedwa ma eosinophil, omwe amachuluka pa mtundu wina wa mphumu. Koma amachulukanso ngati muli ndi njoka zam'mimba kapena likodzo, nde akakupemphani chimbudzi kapena mkodzo musadabwe kuti zikukhudzana bwanji ndi chifuwa.

Ndiye pali kouzira kaja, peak flow. Ndi kachubu kapulasitiki kokhala ndi manambala, mumaimirira kapena kukhala tsonga, kamuvi kabwerere pa ziro, mukoke mpweya mpaka chifuwa chidzadze, milomo igwire bwino osasiya mpata, kenako muuzire kamodzi mwamphamvu komanso mwachangu ngati mukuzimitsa nyali ili patali. Katatu, n'kulemba nambala yaikulu pa zitatuzo. Muwodi amayeza mmawa ndi madzulo, komanso musanalandire nebulaiza ndi mutalandira, ndipo kusinthasintha kwa nambalayo ndi kumene kumaonetsa mphumu. Lembaninso mkope mwanu, musangodalira fayilo, ine tsiku lina fayilo yanga inasowa kwa maola angapo pa nthawi ya raundi ndipo kope langa ndi lomwe linathandiza.

Kuyeza kwenikweni kotsimikizira ndi spirometry. Iyi sipezeka paliponse, nthawi zambiri amakutumizani kuchipatala chachikulu kapena chapulayiveti, ndipo kawirikawiri sachita muli pakati pobanika, amadikira mukhazikike, mwina kukupatsani deti yobwerera patapita masabata angapo. Deti imeneyo musaiphonye ngakhale mukumva bwino. Amakutsekani mphuno ndi kopanira, mukoka mpweya wonse, n'kuuzira mwamphamvu mu chubu osasiya kwa masekondi sikisi kapena mpaka mpweya utheretu, woyezayo amakhala akukuwa kuti pitirizani pitirizani, ndipo mumabwereza mpaka apeze maulendo atatu abwino. Zimatopetsa, chizungulire chimabwera, ena amatsokomola mpaka misozi, amayi ena mkodzo umadontha pang'ono nde pitani kaye kuchimbudzi. Akatero amakupoperani salbutamol ka 4, mudikira mphindi 10 kapena 15, n'kuuziranso. Ngati mpweya womwe mumatulutsa mu sekondi yoyamba wakwera ndi 12 peresenti komanso 200 ml, zimasonyeza kuti njira za mpweya zimatseguka ndi mankhwala, chomwe ndi chikhalidwe cha mphumu. Funsiranitu ngati mukuyenera kusiya inhela maola angapo musanayezedwe, musavale zothina pamimba, musadye kwambiri, musasute. Ngati mwachitidwa opaleshoni posachedwa, mukutsokomola magazi kapena munadwala mtima chaposachedwa, nenani asanayambe. Ana osakwana zaka 5 sangathe kuuzira motero, iwo adokotala amadalira mbiri ndi kuona mmene akuchitira akapatsidwa mankhwala kwa miyezi ingapo.

Chinthu china chomwe sindinkadziwa n'choti kubanika koopsa kamodzi sikutanthauza kuti muli ndi mphumu ya mtundu woopsa ija madokotala amati severe asthma. Dzina limenelo amalipereka kwa munthu amene akugwiritsa ntchito mankhwala oteteza amphamvu tsiku lililonse, moyenera, zoyambitsa wazichepetsa, matenda ena athandizidwa, koma zikukanikabe. Ambiri mwa ife timafika pa okosijeni chifukwa sitinapatsidwepo mankhwala oteteza, kapena timapopera molakwika. Ine nesi anandiuza kuti ndipopere iye akuona, ndinachita mmene ndachitira zaka zonse, akuti mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kukhosi. Zinandiwawa mumtima kuganiza ndalama ndi usiku wonse womwe ndinavutika.

Nde pemphani, musanatuluke, kuti wina akuoneni mukupopera ndipo akukonzeni. Pemphaninso spesa. Ngati palibe, botolo la pulasitiki la 500 ml limagwira ntchito, madokotala a ana ku Cape Town anachita kafukufuku n'kupeza kuti limathandiza mofanana ndi spesa yogula. Mumaboola kunsi kwake bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela kuti ilowe mothina, mulitsuke ndi madzi a sopo n'kulisiya liume lokha osapukuta. Khutchumulani inhela, ilowetseni pabowopo, kukamwa kwa botolo kukhale mkamwa mwanu, poperani kamodzi, pumani mmenemo ka 4 mpaka ka 6, kenako mubwereze ngati akuuzani kupopera kawiri. Osapopera kambiri nthawi imodzi. Mwana wamng'ono amafunika yokhala ndi masiki, afunseni anesi akuonetseni.

Za ma inhela awiriwa ndinene mosabisa chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Ya buluu, salbutamol kapena Ventolin, imatsegula njira mwachangu koma sichotsa kutupa. Ya bulauni, beclomethasone, ndi imene imachiza kutupako pang'onopang'ono, simumva kanthu mukapopera, imatenga masabata kuti muone kusintha, ndipo imafunika tsiku lililonse ngakhale muli bwino. Mukatha tsukani mkamwa n'kulavula kuti musachite zilonda zoyera kapena kusasa mawu. Kuyambira 2019 malangizo a padziko lonse a mphumu, otchedwa GINA, anasiya kuvomereza kuti munthu wamkulu azidalira ya buluu yokha. Palinso zophatikiza monga budesonide ndi formoterol mu inhela imodzi, zimapezeka m'mafamase ena koma n'zodula, funsani adokotala ngati zili zoyenera inu musanagule. Ndipo zija amanena kuti inhela imazoloweretsa, kuti ukaiyamba ndiye wafika kumapeto, bola mapilitsi, zimenezo zapweteketsa anthu ambiri. Inhela imapita molunjika m'mapapo ndi mlingo wochepa, mapilitsi ndi amene amazungulira thupi lonse n'kumakunjenjemeretsani. Amayi oyembekezera nawonso musasiye inhela mwa nokha, mwana m'mimba amavutika kwambiri mayi akamabanika.

Moyo wa muwodi ndi wopirira, anthu amachuluka, usiku kumazizira, pena mankhwala ena amasowa n'kukuuzani mukagule. Raundi ya madokotala imakhala mmawa ndipo imathamanga, nde mafunso anu alembeni usiku, gadiyani asapite kukaphika nthawi imeneyo. Mukaona kuti mwayambanso kubanika usiku musadikire nthawi ya mankhwala, tumani gadiyani akaitane anesi pompo. Ngati ali pafupi nanu akutsokomola kwambiri valani masiki ngati mukutha kupuma nayo, ndipo windo likhale lotsegulako ngakhale kukuzizira, fundani.

Musakakamire kutuluka chifukwa choti mwamva bwino masana, mphumu imakonda kubwerera usiku. Nthawi zambiri amafuna muthe tsiku lathunthu muli pa ma inhela okha opanda nebulaiza ndi okosijeni, nambala ya peak flow itakwera kufika cha pa magawo atatu mwa anayi a nambala yanu yabwino, yaikulu yomwe mumafika mukakhala bwino. Tsiku lotuluka onetsetsani kuti mu helefu pasipoti alembamo dzina la matenda omwe apeza, zotsatira za makhololo, ekisileyi ndi magazi, mankhwala aliwonse ndi kamwedwe kake, prednisolone mumwa masiku angati, kwa akulu amakhala masiku 5 mpaka 7, mmawa mutadya, ndipo mumalize. Apempheni akulembereni m'Chichewa chomveka zoti muchite mukayamba kubanika kunyumba, mupopere kangati, zikafika pati muthamangire kuchipatala, pepala limenelo lijambuleni pa foni mutumizire a kunyumba onse, aphunzitsi ngati ndi mwana. Ngati mwakwanitsa kugula peak flow yanu, nambala ikakhala pamwamba pa 80 peresenti ya yabwino yanu muli bwino, pakati pa 50 ndi 80 tsatirani pepala lija, pansi pa theka nyamukani.

Funsani deti yobwerera, ikhale mkati mwa sabata imodzi, komanso kuti kiliniki ya matenda okhalitsa, ija ya NCD komwe amaonanso a shuga ndi BP, imachitika tsiku lanji pachipatala chanu, kuti muzikatenga ya bulauni isanathe. Pomwe muli mchipatala a kunyumba akhale atachapa mabulangete ndi makatani, matiresi ayanikidwa padzuwa, mbaula yatuluka panja, ndipo ngati akufuna kupopera mphemvu apopere inu musanabwere n'kutsegula mawindo. Mng'ono wa mnzanga uja watuluka Lachinayi, makhololo alibe TB, amupatsa ya bulauni ndi botolo lake, spirometry amulembera mwezi wamawa ndipo ndamuuza kuti ndidzamuperekeza.